Kalulu ndi dengu la m'nyumba

Adzukulu anga, ambiri a inu masiku ano mukusunga akalulu okhala nawo m'nyumba, owapatsa mayina ndi kuwafungatira pamiyendo. Ife tinkawaweta m'khola la m'mwamba kuseri kwa nyumba, ndipo mapeto awo anali mphika, koma sindikutsutsani. Ndikufuna tikambirane funso limene limabuka kalulu akangopeza dengu pakona n'kuyamba kulikukuta: timuleke kapena timulande?

Choyamba dziwani kuti sakuchita mwano. Kalulu ali ndi mano 28, ndipo onsewo amakula moyo wake wonse. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita 2 pa sabata. Akapanda kuperepeseka amapindika, ena amalasa lilime kapena tsaya, dovu limanyowetsa chibwano, kenako nyama imaleka kudya. Ndiye mukam'landa dengu osam'patsa china, apita ku mwendo wa mpando kapena ku chingwe cha magetsi, komwe kuli imfa yapompopompo. Komanso musaganize kuti dengu ndi mankhwala a mano. Pokukuta dengu amagwiritsa ntchito mano akutsogolo okha. Am'kati aja amatha akamapera udzu, nsagwada ikuyenda cham'mbali kwa maola ambiri. Kalulu amene akudya madeya ndi zotsala za kukhitchini basi adzavutika mano ngakhale mutam'gulira madengu khumi.

Chachiwiri, kalulu sasanza. Galu akameza choipa amachibweza pakhomo pomwepo. Kwa kalulu, chimene chalowa chiyenera kuyenda m'matumbo monse mpaka chitulukire kumbuyo, ndipo chikaima panjira, nkhani yavuta. Musadalirenso nzeru zake. Kalulu wa m'nthano, wopusitsa njovu ndi fisi uja, ndi wa kutchire kuno. Wanuyu makolo ake anachokera ku Spain ndi Portugal, wabadwira m'khola, ndipo sadziwa kusiyanitsa ulusi wa mlaza ndi wa nayiloni. Wosankha ndinu.

Tsono zolukira zathu zenizenizo, mlaza wouma, bango ndi udzu, zikakhala zoyera si zoopsa. Mlaza ndiwo ndingausankhe, chifukwa ndi wofewa ndipo kalulu amaung'amba mosavuta. Nsungwi ndimaikayikira. Ikauma ilibe ululu, koma aliyense amene anasendapo nsungwi akudziwa mmene imachekera chala. Lichero kapena mtanga ukayamba kuthyoka umatulutsa tizitsotso takuthwa, tomwe timalasa nkhama ndi masaya. Akalulu ena amangoluma n'kulavula, ena amameza, ndipo simungadziwe wanu ndi wotani mpaka mutamuona.

Koma vuto lalikulu silikhala pa chimene analukira. Limakhala pa zimene dengulo lanyamula chilukidwireni.

Taganizani za lichero la amayi anu m'miyezi ya June ndi July. Chimanga chatongoledwa, chayanikidwa, ndipo tsiku lothira mankhwala a anankafumbwe lafika. Actellic amuwaza pamulu, amasakaniza, ndipo chotapira poika m'matumba ndi lichero kapena dengu lomwelo. Fumbi la mankhwala limalowa m'mipata ya nsungwi, ndipo kukung'untha sikulichotsa lonse. Munthu savulala nalo chifukwa chimanga amachikonola, kuchipeta ndi kuchitsuka. Kalulu wolemera makilogalamu awiri akutafuna nsungwi yeniyeniyo pamodzi ndi fumbi lake. Dengu lina linanyamulapo feteleza nthawi ya dzinja. Lina linasungapo fodya, ndipo chikonga cha fodya ndi poizoni kwa nyama yaing'ono. Lina linagona m'chipinda momwe anatcheramo makoswe ndi tameki. La zovala zochapa lija lamwa sopo wa ufa kwa zaka. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimaoneka ndi maso, ndipo mwini dengu nthawi zambiri anaiwala.

Palinso chuku. Dengu limene linasungira mtedza kapena chimanga chosauma bwino limachita timadontho takuda kapena tobiriwira pansi pake, ndipo limanunkha chinyontho. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, ndipo kalulu ali m'gulu la nyama zimene sizipirira poizoni ameneyu ngakhale pang'ono. Dengu lotere musati mulitsuka. Lisonkhezereni pamoto.

Tsopano tengani lichero lililonse m'nyumbamo, mulitembenuze, muyang'ane mkombero wake. Onani chimene anasokera. Kale ankamanga ndi luzi kapena mlaza. Masiku ano mupeza linya wa m'matayala, ulusi wosolola ku thumba la feteleza, mwinanso kawaya kopyapyala kobisika pansi pa nsungwi. Pamene panabooka, amayi anagamba ndi chidutswa cha saka. Kalulu amayambira pa mkombero pomwepo, chifukwa ndi pamene mano amagwira bwino. Udzu ndi mlaza zimadukaduka m'kamwa n'kudutsa, koma nayiloni sagayika. Amapotana ndi ubweya umene kalulu amameza podzinyambita, n'kutseka matumbo. Za madengu olukidwa ndi malamba apulasitiki, amitundumitundu ogulira zinthu kumsika aja, sindichita kunena zambiri. Asawayandikire.

Madengu okongola a m'masitolo ndi ogulitsa alendo ali ndi zawonso. Ambiri amapakidwa vanishi kuti awale ndiponso kuti asafumbwe, ndipo ochokera kunja nthawi zambiri amafukizidwa mankhwala ophera tizilombo asanakwezedwe m'sitima. Kuyesa kwake n'kosavuta. Linunkhizeni: la mlaza weniweni limanunkhira udzu wouma, lopakidwa limamveka penti kapena parafini. Likandeni ndi chikhadabo muone ngati pakusupuka kakhungu konyezimira. Dontheziranipo madzi: pa mlaza wosapaka amalowa n'kudetsa pamalopo, pa vanishi amangokhala kambulu n'kugubuduzika. Ngati lili ndi mizere yofiira, yobiriwira kapena yapepo, pukutanipo ndi kansalu koyera konyowa. Utoto ukatsalira pansalu, utsaliranso m'kamwa mwa kalulu. Ngakhale usatsalire, ine sindingam'patse, chifukwa wogulitsayo sadziwa chimene chili mu utoto umene woluka anaphikira mlazawo.

Nanga mutani? Ife kuno tili ndi mwayi umene oweta akalulu ku London alibe: woluka timamudziwa nkhope. Ku Mangochi, ku Salima, ku Machinga ndi ku chigwa cha Shire mlaza ndi wosasowa, ndipo m'misika ya m'tauni oluka kapena abale awo amakhala pomwepo. Pitani mukawapatse moni mwaulemu, muwafotokozere kuti mukufuna kadengu katsopano ka mlaza wokhawokha, kopanda utoto, kopanda waya, komangidwa ndi mlaza womwewo. Afunseni ngati anathirapo chilichonse choteteza kufumbwa, chifukwa safunsa anadya phula. Akusekani mukawauza kuti n'ka kalulu, koma akulukirani, ndipo kosakongoletsa n'kotsika mtengo.

Mukafika nako kunyumba, dulani zogwirira, chifukwa kalulu amalowetsamo mutu kapena mwendo, ndipo akadzidzimuka amadzipha nako kapena kuthyoka. Kayanikeni padzuwa tsiku lonse. Kenako dzazanimo udzu wouma bwino kapena masangwi a mtedza opanda chuku, kuti akamakukuta dengu azidyanso chakudya chenicheni. Masiku oyamba khalani naye pafupi. Mukaona tizidutswa tambiri pansi, ndiye kuti akung'amba n'kutaya, palibe chodetsa nkhawa. Mukaona dengu likutha koma pansi pali mbee, akumeza, ndipo muzim'patsa kwa kanthawi kochepa basi. Likafika poti ulusi wautali ukulendewera, udulenidule kapena mulichotse.

Ngati ndalama palibe, musadandaule. Nthambi za mabulosi, ndi masamba ake omwe, ndi zabwino kwambiri, ndipo amazisenda khungwa mosangalala. Koma si mtengo uliwonse wa zipatso. Peyala musayerekeze: masamba ndi khungwa lake zimawononga mtima wa kalulu. Nthambi za pichesi, nsatsi ndi chigwada chachiwisi nazonso zisiyeni. Udzu, chisoso, kholowa ndi khovani ndizo zakudya zake, pamodzi ndi madzi abwino tsiku lililonse.

Zikachitika kuti wadya dengu lokayikitsa inu kulibe, yang'anani ndowe zake. Kalulu wabwino amasiya timibulu tambirimbiri tozungulira, tofanana kukula. Tikayamba kuchepa, kukhala ting'onoting'ono, kapena kutuluka titalumikizana ndi ulusi, m'mimba mwayamba kuvuta. Akakhala pakona atadzikundikira, akukukuta mano, mimba itauma gwaa, osafuna ngakhale kholowa amene amamukonda, musadikire kuti kuche. Kalulu amene watha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi ali pangozi. Pitani naye kwa alangizi a ziweto kapena kwa dokotala wa ziweto, ndipo tengani chidutswa cha dengulo akachione.

Chimodzi ndikuletseni ndithu. M'midzi mwathu nkhuku ikadwala anthu amatsegula kapisozi n'kusungunulira m'madzi. Kalulu musam'tero. Amoxicillin ndi mankhwala ena a mtundu wa penicillin, akamwa pakamwa, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake timene timam'gayira udzu, ndipo amatha kufa ndi kutsegula m'mimba patangopita masiku ochepa. Mafuta ophikira nawonso musam'mwetse poganiza kuti chotsekacho chiterereka, chifukwa akatsamwa amalowa m'mapapo.

Malichero, mitanga ndi nsengwa za amayi anu, zikolekeni pamsomali kapena muziike pamwamba pa kabati musanam'tulutse kalulu kuti ayendeyende. Amadumpha kuposa mmene mukuganizira, choncho pampando sipokwanira.