Kodi Kukaniza Khanda Opaleshoni Ndi Chikondi?

Tsiku lina ndikuulutsa pulogalamu ya zaumoyo pa wailesi kuno ku Milange, mayi wina anaimba foni akulira. Mwana wake wa miyezi inayi mutu unkangokula, liwombo litatupa. Adokotala anati pafunika opaleshoni, koma apongozi ake anakana: "Khanda salicheka ngati mbuzi." Mayiyo anandifunsa kuti, "Achimwene, ndimvere ndani?"

Agogo aja sindingawanyoze. Mantha awo ndi achikondi. Anakula akuona opaleshoni ikusiya chipsera chotalika, ena osabwerako n'komwe.

Komatu zinthu zinasintha. Pa matenda ena, madokotala amangoboola kabowo n'kulowetsa kachubu kokhala ndi kamera ndi kuwala, n'kumagwira ntchito akuona zam'kati pa sikirini. Chilonda chimakhala chaching'ono, chimapola msanga.

Zizindikiro anatchula mayi uja n'za madzi odzaza m'mutu, si ufiti ayi. Njira yodziwika ndi kuika kapaipi kotsitsira madziwo m'mimba, koma kakatsekeka mwana amafunika chipatala mwamsanga. Dokotala Benjamin Warf, atayamba ntchito ku Mbale m'dziko la Uganda mu 2000, anaona kuti ana akumidzi amakhala kutali ndi chipatala. Choncho anakonza njira ya kamera yotsegulira madziwo potulukira ndi kuchepetsa kapangidwe kake. Siiyenera mwana aliyense. Ena amafunikabe kapaipi, ndipo opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo.

Maganizo anga ndi awa: mwana si munda woti mwini achite nawo zimene wafuna. Khanda silingadzilankhulire, tinangopatsidwa kuti tilisunge. Tikakana, timaganiza kuti sitinachite kanthu, chonsecho madzi aja akupitiriza kufinya ubongo. Kukana nakonso ndi chisankho, ndipo wolipira ndi mwanayo.

Ndinamuuza mayi uja kuti apite ndi apongozi akewo kwa dokotala, akafunse okha: mucheka pati, choopsa n'chiyani, nanga tikadikira chichitike n'chiyani? Wamkulu akamva ndi makutu ake, mtima umatsika.

Chatsala ndi ndalama. Ulendo wa ku Quelimane, kapena wodzera pa Muloza kupita ku Blantyre, kumene chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chinatsegulidwa mu 2017, si wotchipa. Koma abale anga, pamaliro timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama ya bokosi popanda wotikakamiza. Bwanji osasonkha ya thiransipoti mwana akadali moyo?