Kodi boma nalo liyenera kuodira?

Kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mlendo akafika pakhomo amaima kunja kwa mpanda n'kunena kuti "odi". Mpandawo ndi wa udzu kapena mapesi. Mbuzi imaubowola, ndipo aliyense wofuna kusuzumira angathe kutero popanda vuto. Chimene chimausunga ndi ulemu umene tonse tinaleredwa nawo. N'chifukwa chake tikamaphunzitsa ana ku madrasa ndime 27 ndi 28 za Surat An-Nur, zimene zikuletsa kulowa m'nyumba ya wina tisanapemphe chilolezo ndi kupereka salamu, sitivutika kufotokoza: agogo awo anawaphunzitsa kale. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anaonjezera kuti kupemphako n'kwa katatu, ndipo amene sanayankhidwe abwerere. Anafotokozanso kuti chilolezocho chinaikidwa chifukwa cha maso, kuti asaone zimene mwini nyumba sanafune kuonetsa.

Koma lero nkhani zambiri zimene kale zinkakambidwa kuseri kwa nkhokwe zili m'foni. Mwana wathu ali ku Johannesburg amatiuza za mavuto a mapepala ake. Mlimi wa fodya wa ku Mponela amachonderera amene anamukongoza feteleza. Mayi amauza mchemwali wake zimene a dokotala apeza. Foni yasanduka chipinda cham'kati, ndipo funso lathu n'lakuti: kodi boma, likafuna kulowa m'chipinda chimenechi, liyenera kuodira ngati wina aliyense, kapena udindo wake umalipatsa khomo lakelake?

Funsoli si lakutali. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino, a mu 1994, limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo limatchula makalata ndi mauthenga a pa lamya. Komabe cha m'ma 2010 bungwe la MACRA, loyang'anira za mauthenga, linagula ku kampani ya ku America yotchedwa Agilis International makina a CIRMS pa mtengo wa madola pafupifupi 6.8 miliyoni. Anthu sanachedwe kuwatcha makina aukazitape. Nzika ziwiri zinapita kukhoti, Khoti Lalikulu linagwirizana nazo, koma mu 2014 Khoti la Apilo linasintha chigamulocho. Mu 2018 tonse tinaima pamizere kulembetsa manambala athu a foni ndi ziphaso za unzika. Kumayambiriro kwa 2025 kunamveka kuti MACRA ikufuna kugulanso, ku kampani ya Hashcom ya ku Ghana, makina a madola 1.5 miliyoni olondola nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Ndipo lamulo loteteza mbiri ya munthu la mu 2024 linapereka ntchito yolondera chinsinsi chathu kwa MACRA yomweyo. Ogula makina ndi mlonda wa makinawo ndi munthu mmodzi.

Tisanamize bungweli. Ilo linanena kuti CIRMS ndi yoyeza ngati makampani a foni akupereka ntchito yabwino ndiponso ngati akulipira boma ndalama zoyenera, ndipo silimva mawu a munthu. Zimenezi ndi zifukwa zomveka, ndipo ife amene mayunitsi amatithera mosadziwika bwino sitingakane kuti makampaniwo afunika woyang'anira. Koma tiyeni tiganize zimene kaundula wa mafoni amasunga ngakhale mawu asamveke: ndani anaimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati, ali pafupi ndi nsanja iti. Mkazi akaimbira chipatala m'mawa, masana n'kuimbira ankhoswe, usiku n'kuimbira mayi ake kwa ola lathunthu, kodi pakufunikanso kumva mawu ake? Kalaliki wa ku boma akaimbira mtolankhani Lachiwiri, nkhani n'kutuluka Lachisanu, mlandu watha kale.

Ambiri amati wosalakwa saopa. Ife a ku Dowa tiyenera kukhala omaliza kunena mawu amenewa, pakuti Dzaleka ili pakhomo pathu. Isanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, inali ndende ya anthu a ndale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo akuluakulu amati dzinalo linachokera ku mawu a wolangidwa akuti "ndidzaleka". Ambiri amene anatsekeredwa kumeneko sanabe, sanaphe. Ena anakana kugula khadi la chipani, monga a Mboni za Yehova. Ena anangolankhula mawu amene khutu lina linawatola n'kukawapereka. Nthawi imeneyo ukazitape unali wa manja: kalata yotsegulidwa, mnzako wa pantchito, wapolisi wa Special Branch. Unali ndi malire chifukwa anthu amatopa ndipo amaiwala. Makina satopa ndipo saiwala. Amene ali ndi makiyi ake lero akhoza kukhala munthu woopa Mulungu, koma makiyi amasintha manja pa chisankho chilichonse, ndipo tanthauzo la "kulakwa" limasintha nawo.

Qur'an yolemekezeka, mu ndime 12 ya Surat Al-Hujurat, yaika zinthu zitatu motsatana: kuganizira anthu zoipa, kufufuzafufuza zobisika zawo, ndi miseche. Ndondomekoyi si yangozi. Kukayikira kumabala ukazitape, ukazitape n'kubala kujeda. Ndipo ndimeyi sinapatule wolamulira. M'mabuku a ma ulama muli nkhani yotchuka ya Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye), amene poyendera mzinda wa Madina usiku anakwera khoma n'kupeza munthu akumwa mowa. Munthuyo anavomera kuti walakwa kamodzi, koma anati Khalifa walakwa katatu: wafufuza zobisika, walowera pakhoma kusiya khomo, ndipo walowa wopanda chilolezo. Umar anatuluka osamulanga. Taonani kuti munthuyo analidi wolakwa. Nkhaniyi ikanakhala yopepuka akanapezeka akuswali. Phunziro lake n'lakuti ngakhale choona chimene chapezeka sichiyeretsa njira imene chapezedwera. Mu Sunan Abi Dawud mulinso chenjezo la Mtumiki lakuti mtsogoleri akamasakasaka zolakwa za anthu amawaononga. Tinaziona: kumene aliyense akumvetseredwa, anthu saleka zoipa, amangophunzira chinyengo, ndipo m'bale amayamba kuopa m'bale wake.

Tsono kodi boma lingopinda manja? Ayi. Pali akuba amene amapusitsa agogo athu pa foni n'kuwatapa ndalama zonse. Pali amene anapha abale athu achialubino, ndipo kuwasaka ndi udindo. Imam al-Mawardi, amene anamwalira mu 1058, analemba m'buku lake la Al-Ahkam as-Sultaniyya kuti woyang'anira makhalidwe a anthu saloledwa kufufuza zobisika, kupatula pamene munthu wodalirika wamudziwitsa za choipa chimene chikachitika sichingabwezedwe, monga munthu amene watengera mnzake kumbali kuti amuphe. Mtumiki nayenso, mzinda wa Makka usanagonjetsedwe, anatuma Ali, Zubair ndi Miqdad kukalanda kalata imene Hatib ibn Abi Balta'ah anatumiza kwa Aquraish youlula chinsinsi cha nkhondo. Koma inali kalata imodzi, pa chifukwa chodziwika, ndipo Hatib anaitanidwa n'kupatsidwa mwayi wodziyankhira. Sanalamule kuti makalata onse otuluka m'Madina azitsegulidwa. Asodzi a kunyanja amadziwa kusiyana kwa mbedza ndi neti ya udzudzu: ina imagwira nsomba imene waifuna, inayo imakokolola ndi tiana tomwe, nyanja n'kutsala yopanda kanthu. "Odi" wa boma ndi chikalata cha woweruza, chotchula munthu, chifukwa, ndi tsiku limene kumvetserako kudzatha.

Ife Asilamu tili ndi chifukwa china chosamalira nkhaniyi. Chiyambire nkhondo ya ku Cabo Delgado mu 2017, n'kosavuta kuti ndevu, chisoti ndi foni yochokera ku Mozambique zikhale umboni m'maso mwa munthu waulesi. Ku New York apolisi anakhala zaka akulondalonda mizikiti ndi malo odyera a Asilamu. Mu 2012 mkulu wina wa apolisiwo anavomera polumbira kuti gulu limenelo silinapezepo poyambira mlandu wauchigawenga ngakhale umodzi, ndipo mu 2014 linathetsedwa.

Mbali yovuta ndi iyi. Chipembedzo chomwe chikuletsa kufufuza zobisika chikuletsanso kubisa umboni, monga zilili mu ndime 283 ya Surat Al-Baqarah. Nanga munthu woulula za kuofesi kwake ndi kazitape kapena mboni? Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Zaid ibn Arqam anali mnyamata pamene anamva Abdullah ibn Ubayy akulankhula zoopseza Mtumiki ndi Maswahaba ake. Anakanena, mkuluyo analumbira kuti sananene, anthu anakhulupirira wamkulu, mpaka Surat Al-Munafiqun inatsika n'kumuyeretsa mnyamatayo. Kwa ife muyeso ndi uwu: chinsinsi ndi chovala cha munthu pa za moyo wake, koma chuma cha anthu onse ndi amana, ndipo wosunga amana alibe ufulu woibisa kwa eni ake. Mabiliyoni a Cashgate a mu 2013 sanali za m'chipinda cha munthu. Anali mankhwala a m'zipatala za ku Ntchisi.

Tikayang'ana zimene zachitika, chovalacho tachiveka mozondoka. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta, pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata cha boma chokhudza malipiro kwa wamalonda amene ankafufuzidwa za katangale. Mu Januwale chaka chomwecho, mawu amene Martha Chizuma, mkulu wa bungwe lothana ndi katangale panthawiyo, analankhula pa foni anajambulidwa n'kufalitsidwa. Pa 6 Disembala anamangidwa m'bandakucha kunyumba kwake n'kupita naye ku Namitete, ngakhale milanduyo inadzachotsedwa. Tinganene kuti wosunga amana ngati imeneyo anayenera kusunga lilime, ndipo n'zoona. Koma wojambulayo sanavumbule ndalama yobedwa ngakhale tambala imodzi. Anavumbula munthu amene ankasaka ndalamazo. Kalaliki aliyense amene ankalingalira zoulula anaona zimenezo n'kuika foni yake m'thumba.

Ndipo mawu ojambulidwawo sanayende okha. Anadutsa m'mafoni athu, ngakhale m'magulu a WhatsApp a mizikiti, aliyense akutumiza kwa mnzake. Mu Sahih al-Bukhari muli chilango choopsa cha munthu womvetsera nkhani za anthu amene sakufuna kumvedwa: kuthiridwa mtovu wosungunuka m'makutu pa tsiku la Qiyama. Timaiwerenga hadith imeneyi kwa ana, kenako madzulo bambo n'kutenga foni ya mkazi wake iye ali kubafa. Sabata yapitayi kholo lina linabwera ku madrasa ndi mawu amene linajambula mobisa, mphunzitsi mnzathu akudzudzula mwana wake, likufuna kuti tonse timvere. Tinalipempha kuti lizimitse, n'kuitana mphunzitsiyo kuti akhale pamphasa pomwepo, kholo linene dandaulo lake pamaso pake. Nkhani inatenga nthawi yaitali kuposa mmene ikanatengera, ndipo tinaswali Asr mochedwerapo.