Bokosi la Matabwa la Agogo

Madzi akadali pamoto, tiyeni tikambeko za bokosi la matabwa.

Ku Japan kuli timakabati takale totchedwa tansu, tomwe tinafala m'nthawi ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868. Tambiri ankatipanga ndi matabwa a kiri, mtengo wopepuka umene umateteza zovala ku chinyezi. M'mbali ankaikamo zogwirira zachitsulo zolowetsamo mtengo wautali, anthu awiri n'kunyamula paphewa. Lero anthu amatigula modula, n'kumasungiramo mabuku pabalaza.

Nanga bokosi lathu lija la mlombwa, momwe agogo ankasungiramo zitenje, chiphaso cha ubatizo ndi ndalama za fodya? Ambiri tinalikankhira kukhitchini. Lada ndi utsi, mahinjesi achita dzimbiri, ife tikugula masutikesi omwe zipi yake sichedwa kufa. Zimandiwawa mtima, pakuti mlombwa waukulu wocheka matabwa otere wayamba kusowa kuno, ndipo umakula pang'onopang'ono.

Akalipentala tili nawo, ena anaphunzira ku Namitete Technical College. Apatseni bokosilo asinthe mahinjesi, alipale pang'ono, alipake vanishi, libwerere kuchipinda.