Mlandu wa Okhulupirira ndi Okana Mulungu

M'dziko lino la Mfumu Pembamoyo, kumene malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique ayandikana kotero kuti abale a mimba imodzi amakhala pansi pa maboma osiyana, mwabuka funso limene makolo athu sankalifunsa poyera, ndilo lakuti: kodi Mulungu alipodi, kapena ndife anthu tidamuumba m'mitima mwathu chifukwa choopa imfa? Funsoli labwera ndi anyamata ndi asungwana ochokera ku masukulu aakulu a ku Chipata ndi ku Lusaka, labweranso ndi mafoni amene tsopano afika ndi m'midzi momwe. Ndipo akulu ambiri akalimva amatseka makutu, nanena kuti mwanayo wasokonezeka ndi maphunziro, kapena kuti wagwidwa ndi chiwanda. Koma ife Achewa tili nawo mwambo wa pabwalo, wakuti mfumu siigamula mlandu itamva mbali imodzi yokha. Wodandaula amanena zake kufikira mawu atamuthera, woyankha amapatsidwanso mpata wake, ndipo nduna zimapeta mawu a onse awiri chigamulo chisanagwe. Ngati timatero pa mlandu wa mbuzi yodya mmera wa mwini, kuli bwanji pa mlandu uwu woposa milandu yonse?

Tiyambe ndi kukumbukira kuti Mulungu sadafike kuno m'katundu wa Azungu. Kalekale, buku lisanaoneke m'dziko muno, makolo athu ankamutchula Chauta, Namalenga, Mphambe ndi Chisumphi. Ndipo mvula ikakana kugwa, ankapita kukachisi ndi ufa ndi mowa, ena nayenda ulendo wautali kunka ku Msinja, kumene Makewana, mayi woyang'anira kachisi wa mvula, ankapembedzera mtundu wonse. Iwo ankasimba kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta adatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, mapazi awo nadinda pathanthwe likali lofewa. Kuti onse ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto natentha tchire. Ndi kuti pamenepo kangaude adaluka ulusi wake nakweza Chauta kumwamba, kuchokera kumene Iye adalamula kuti munthu azifa. Yense wosinkhasinkha nthano imeneyi adzaona kuti makolo aja sadali anthu ongomeza zinthu osatafuna. Iwo adazindikira chinthu chomwecho chimene chikusautsa achinyamata a lero, chakuti Mulungu saoneka, ndipo nthawi zina amakhala ngati ali kutali. Koma m'malo monena kuti kulibe, adati adalipo pakati pathu, ndipo chidamuchotsa ndi dzanja la munthu.

Pambuyo pake adafika amishoni ndi uthenga wakuti Iye amene adakwera kutaliyo adatsikanso mwa Mwana wake. A mpingo wa Dutch Reformed adamanga ku Magwero mu 1899, ku Madzimoyo mu 1903, ndi ku Nsadzu, m'boma la Chadiza, mu 1908, kumene m'zaka zotsatira adasamala akhate amene anthu ankawataya kutchire. Abambo Oyera a mpingo wa Katolika adakhazikika ku Kachebere mu 1903. Ndipo mu 1922 Buku Lopatulika lidatha kumasuliridwa lonse m'chinenero chathu. Mishoni iliyonse idabwera ndi sukulu, ndipo amene aphunzitsa mwana kuwerenga wamupatsa kiyi wotsegulira mabuku onse, osati okhawo amene mphunzitsi awakonda. Chotero tisadabwe ngati zidzukulu za amene adaphunzira zilembo pa bolodi la mishoni zawerenganso za Charles Darwin, amene mu 1859 adafotokoza kuti zamoyo zimasinthika pang'onopang'ono m'mibadwo yosawerengeka, kapena za Bertrand Russell, amene mu 1927 adaimirira ku London nalongosola zifukwa zimene iye sadali Mkhristu. Safunsa adadya phula, adatero akale. Ndiye sitingayamike kufunsa pa zinthu zonse, n'kukuletsa pa chinthu chachikulu chokhachi.

Tsono timumve wokana Mulungu, ndipo timumve monga anenera iye mwini, osati monga timamunamizira. Choyamba iye akuti: chilichonse chimene ndichivomereza chili ndi umboni wake, koma Mulungu palibe adamuona, ndipo mukandiuza kuti zonse zili ndi wozipanga, ndidzakufunsani amene adapanga wopangayo. Chachiwiri akuti: mukunena kuti Iye ndi wamphamvuyonse ndiponso wachikondi, nanga adali kuti mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy adagumula mapiri a kummwera kwa Malawi, matope nakwirira anthu mazanamazana, makanda ndi nkhalamba zomwe? Adali kuti mu 2024, pamene chimanga chidauma chisanabereke, kufikira Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka la chilala, chikhalirecho mapemphero adali kukwera m'matchalitchi onse? Chachitatu akuti: m'mudzi umodzi muli Akatolika, a Reformed, a Seventh Day, a Mboni za Yehova ndi a Pentekosite, aliyense akunena kuti njira yoona ndi yake, kodi si kubadwira kumene kumasankhira munthu chipembedzo, kotero kuti akadabadwira ku Arabia akadakhala Msilamu wolimbika chimodzimodzi?

Koma mawu ake olasa koposa ndi achinayi, pakuti amaloza chala pa ntchito zathu. Iye amatikumbutsa za Tomo Nyirenda, wodzitcha Mwana Lesa, amene mu 1925 adamiza anthu ambiri m'mitsinje m'dzina la ubatizo powanena kuti ndi mfiti, kufikira adanyongedwa mu 1926. Amatisonyeza aneneri a masiku ano ogulitsa madzi ndi mafuta kwa amayi amasiye, ndi ena ouza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala popeza apemphereredwa. Amatisonyezanso agogo okalamba othamangitsidwa m'midzi, nyumba zawo zitatenthedwa, chifukwa chakuti wina walota kapena waombeza. Ndipo apa tiyenera kuweramitsa mitu, pakuti ku Malawi munthu amene adadziwika kwambiri poyenda m'makhoti ndi m'ndende kuwombola nkhalamba zonamiziridwa ufiti adali George Thindwa, wa bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wonena poyera kuti sakhulupirira Mulungu. Ntchito imene idayenera kukhala ya akulu a mpingo idagwiridwa ndi iye amene timamuyesa wotayika. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo wokhulupirira wanzeru salimbana ndi lumo lometa zonyansa zake.

Nanga wokhulupirira adzayankha chiyani? Pa mawu achinayiwo asadzitchinjirize konse, koma avomere ndi kulapa. Akumbukire kokha kuti aneneri a m'Malembo, Amosi, Yesaya ndi Yeremiya, adadzudzula ansembe odyera masuku pamutu aumphawi kale kwambiri wokana Mulungu asanabadwe, ndi kuti kuipa kwa wantchito sikutsimikiza kuti mbuye wake kulibe. Pa za sayansi, asaope kanthu. Munthu amene mu 1927 adaonetsa mwa masamu kuti thambo lonse likufutukuka, nadzaphunzitsa kuti lidali ndi chiyambi, adali Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, amene sadaone mkangano pakati pa guwa la nsembe ndi kuwerengera nyenyezi. Sayansi imatiuza m'mene mitambo isonkhanira ndi m'mene kachilombo ka malungo kalowera m'magazi, ndipo pa izi tiyenera kuimvera ndi kugona m'masikito; koma ikatha kulongosola m'mene zinthu ziyendera, funso limatsala chitsalire lakuti n'chifukwa ninji pali zinthu konse, m'malo mwakuti pasakhale kanthu. Wofunsa amene adapanga Mulungu sadathetse vutolo, pakuti iyenso ayenera kuimira penapake: wina aimira pa Mlengi wosalengedwa, wina aimira pa dziko longokhalapo lokha popanda chifukwa. Onse awiri afika pamene maso alekezera, ndipo onse awiri aponda patsogolo mwa kukhulupirira.

Palinso umboni wina umene wokana Mulungu amausenza mumtima mwake osadziwa, ndiwo mkwiyo wake womwe. Pamene aona gogo akuponyedwa miyala, sanena kuti zimenezi sizimkondweretsa chabe, monga munthu akana ndiwo zopanda mchere. Amanena kuti n'zoipa, zoipa kulikonse ndi nthawi zonse, ngakhale mudzi wonse utazivomereza. Tsono ngati munthu ali fumbi longokumana mwangozi, limene lidzabalalikanso popanda wolikumbukira, lamulo limeneli, loposa mfumu, loposa mwambo ndi unyinji wa anthu, lichokera kuti? Sindikunena kuti wosakhulupirira sangakhale wolungama, pakuti taona kale kuti ena a iwo atichititsa manyazi ndi chifundo chawo. Ndikunena kuti chilungamo chimene amachitumikira ndi mtima wonse chimafuna maziko, ndipo ine sindipeza maziko ena okwanira koma Iye amene adaumba gogoyo m'chifanizo chake.

Pa za masautso, pamenepo wokhulupirira ayenera kuvula nsapato ndi kuchepetsa mawu. Abwenzi a Yobu adabwera ndi mayankho osalala, nati tsoka lake ndi malipiro a tchimo lobisika. Koma pa mapeto a buku la Yobu Mulungu adakwiyira iwowo, nayanja Yobu amene adalira ndi kutsutsana naye. Choncho amene auza mayi wofedwa kuti mwana wake wafa chifukwa cha kuchepa kwa chikhulupiriro, wachimwira mayiyo ndi Mulungu yemwe. Gawo lalikulu la masautso athu lili ndi zala za anthu: mitengo yotha m'mapiri chifukwa cha makala, feteleza wofika mochedwa, mankhwala osowa m'zipatala. Gawo lotsalalo ndi chinsinsi, ndipo Chikhristu sichidzitama kuti chachimasula. Chimangoloza pa mtanda, ndi kunena kuti Mulungu amene timutumikira sadaonerere zowawa ali patali, koma adazilawa yekha kufikira imfa. Wokana Mulungu akachotsa Mulungu sachotsa chilala, sachotsanso manda. Achotsa chiyembekezo chokha chakuti misozi ya osalakwa idzawerengedwa.

Chinthu chimodzi chimene mbiri ya dera lathu lino yatiphunzitsa ndi chakuti mlandu uwu sugamulidwa ndi boma. Kutsidya kwa malire, ku Mozambique, boma la Frelimo lidalanda masukulu ndi zipatala za mishoni mu 1975, ndipo mu 1977 lidalengeza kuti litsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Mipingo idapanikizidwa, koma chikhulupiriro sichidafe, ndipo pamene nkhondo yapachiweniweni, imene idathamangitsira anthu ambiri kuno kwathu, idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, pakati pa ankhoswe ake padali anthu a mpingo a gulu la Sant'Egidio. Kuno ku Zambia zidayenda mwa njira ina: Pulezidenti Frederick Chiluba adalengeza pa 29 Disembala 1991 kuti dziko lino ndi la Chikhristu, ndipo mawuwo adalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996; koma ndani anganene kuti kuyambira tsikulo katangale adatha, kapena kuti amasiye adaleka kulandidwa chuma? Lamulo silidathe kuzula Mulungu m'mitima ya anthu a ku Tete, ndipo silingathe kumudzala m'mitima ya anthu a ku Chadiza. Malamulo omwewo amene atchula Chikhristu amatetezanso ufulu wa chikumbumtima cha munthu aliyense, ndipo atero molungama, pakuti chikhulupiriro chokakamiza ndi chinyengo chabe.

Ine ndaima kumbali ya okhulupirira, ndipo sindibisa. Koma ndiima pamenepo nditamva mbali inayo, ndipo ndapeza kuti mafunso ake ayeretsa chikhulupiriro m'malo mochipha. Tomasi, wophunzira wa Yesu, adakayika pakati pa ophunzira anzake, koma iwo sadamupirikitse. Adakhala nawobe m'nyumba kufikira tsiku limene kukayika kwake kudayankhidwa. Chifukwa chake ndikupemphani, inu makolo, abusa, akatekisiti ndi akulu a mpingo: mwana wanu akadza ndi funso lolimba, musamutemberere, musamutche wa Satana, koma mukhale naye pansi, mumuyankhe zimene mudziwa, ndipo koposa zonse mumuonetse ndi ntchito zanu kuti Mulungu amene mumutchula ndi wachifundo, poteteza nkhalamba, podyetsa anjala ndi pokana aneneri onyenga. Ndipo inu achinyamata amene mwaleka kupemphera, musayese kuti agogo anu ogwada m'kachisi wa udzu ndi mbuli; funsani mafunso anu kufikira pa mapeto ake, mufunsenso kukana kwanuko ndi ukali womwewo umene mufunsira chikhulupiriro chawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo choonadi sichidaopepo munthu wochifunafuna ndi mtima woona.