KODI INTANETI INGALERE MWANA?

Pa 23 Malichi, 2020, sukulu zonse za m'Malaŵi zidatsekedwa pofuna kupewa kufala kwa mliri wa Covid-19. Maiko ena ambiri adachita chimodzimodzi, kotero kuti bungwe la UNESCO lidati pofika mu Epulo chaka chomwecho ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni pa dziko lonse adali atakhala pakhomo. Pofuna kuti ana asaiwale zimene adaphunzira, maboma adathamangira ku wailesi, wailesi yakanema ndi intaneti. M'dziko muno Unduna wa Maphunziro udakonza maphunziro a pa wailesi a ana a ku pulayimale, ndipo a ku sekondale udawaikira maphunziro pa intaneti. Mliriwo udatha mphamvu ndipo sukulu zidatsekulidwa, koma udasiya funso limene likadalipobe: ngati mwana angathe kulandira phunziro lililonse kudzera pa lamya ya m'manja kapena pa kompyuta, kodi n'kofunikabe kuti azilawirira m'mamawa kupita kusukulu? Poyankha funsoli munthu ayenera kuganizira za chilungamo, ndiponso za chimene mawu akuti maphunziro amatanthauza.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi si chinthu chachilendo m'Malaŵi. Mu 1965 boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene anthu ankangoitchula kuti MCC, pofuna kuthandiza ana amene sadasankhidwe kupita ku sekondale. Maphunziro ankasindikizidwa m'timabuku n'kutumizidwa pa positi, ena ankaulutsidwa pa wailesi, ndipo wophunzira ankayankha mafunso n'kubweza mapepala ake kuti akachongedwe. Mu 1987 dzinalo lidasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education. Chimene intaneti yabweretsa ndi liwiro. Kalata imene inkatenga masabata panjira tsopano imafika m'kamphindi, ndipo wophunzira angathe kumuona ndi kumumva mphunzitsi pa nthawi yomwe akuyankhulayo.

Ubwino wa njira imeneyi munthu woona mtima sangaukane. Choyamba, intaneti siidziwa mtunda. Sukulu zambiri za kumidzi zilibe aphunzitsi okwanira a masamu ndi sayansi, ndipo zina zilibe nyumba yowerengeramo mabuku. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, akakhala ndi chipangizo ndi netiweki, angathe kuonerera phunziro lomwelo limene akuonerera mnzake wa mumzinda wa Blantyre. Chachiwiri, phunziro lojambulidwa silitopa. M'kalasi lodzaza mphunzitsi sangabwereze mfundo imodzi kasanu chifukwa cha mwana mmodzi, ndipo mwana wamanyazi amangokhala chete poopa kusekedwa. Koma pa kanema angathe kuimitsa, kubwerera m'mbuyo ndi kumvetseranso mpaka atamvetsa. Chachitatu, alipo ana amene kufika kusukulu kumawavuta: wodwala nthawi yaitali, wa ulumali wa miyendo, mtsikana woyamwitsa, ngakhalenso ana a dera lonse pa nthawi ya tsoka. Mu Januwale 2023 kolera adachedwetsa kutsekulira sukulu m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adatseketsa sukulu m'maboma ambiri a m'chigawo cha kumwera. Pa nthawi zotere njira iliyonse yofikitsira phunziro kwa mwana imakhala yamtengo wapatali.

Komabe, walira mvula walira matope. Vuto loyamba ndi lakuti mvula imeneyi siigwa m'munda mwa aliyense. Kalembera wa anthu wa mu 2018 adaonetsa kuti mwa Amalaŵi 100 alionse, 84 ankakhala kumidzi, ndipo mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi m'nyumba zawo. Banja la ana anayi lokhala ndi lamya imodzi, imenenso bambo amapita nayo kumsika, limayenera kusankha pakati pa kugula bandulo ya intaneti ndi kugula ndiwo. Vutoli silidali la Malaŵi yekha. Mu Ogasiti 2020 bungwe la UNICEF lidati ana osachepera 463 miliyoni, ndiye kuti mwana wasukulu mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi, sadafikiridwe ndi maphunziro a pa wailesi, pa kanema kapena pa intaneti. Pamene sukulu za m'Malaŵi zidayamba kutsekulidwa pa 7 Seputembala, 2020, mwana amene adatha miyezi isanu akuphunzira pa kompyuta ndi mnzake amene adaithera kudimba adayembekezeka kulemba mayeso amodzi. Chinthu chabwino chimene chimangofika kwa okhawo amene ali kale ndi zabwino chimakulitsa mpata pakati pa olemera ndi osauka. Choncho njira iliyonse ya maphunziro iyenera kuyesedwa poyang'ana mwana wotsalira kwambiri.

Tsono wina angayerekeze kuti tsiku lina nyumba iliyonse idzakhala ndi magetsi, ndipo mwana aliyense adzakhala ndi kompyuta yake. Kodi pamenepo sukulu idzakhala yopanda ntchito? Apa ndi pamene pagona nkhani. Chichewa chili ndi mawu awiri amene sayenera kusokonezedwa: kuphunzitsa ndi kulera. Kuphunzitsa ndiko kupatsa munthu nzeru ndi luso, pamene kulera ndiko kumusamala ndi kumuumba kuti adzathe kukhala bwino pakati pa anthu. Sukulu imachita zonse ziwiri, ngakhale kuti pa satifiketi pamalembedwa chimodzi chokha.

Zimene zidachitika mu 2020 zidaonetsa poyera ntchito yachiwiriyi. Kafukufuku amene boma lidachita adapeza kuti m'miyezi imene sukulu zidali zotseka, atsikana oposa 40,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Umphawi ndi miyambo ina zidathandizira, koma zimenezi zidalipo kale sukulu zisadatsekedwe. Chimene chidachoka ndi belu la m'mawa, kaundula woitanira maina, ndi mphunzitsi amene amafunsa chifukwa chimene mwana wakutiwakuti sadabwerere kusukulu masiku atatu. Mphunzitsi woima patsogolo pa kalasi amaona nkhope za ana. Amazindikira amene wagona ndi njala, amene wamenyedwa kunyumba, ndi amene wayamba kusintha khalidwe. M'sukulu zambiri za pulayimale ana amalandiranso phala, ntchito imene bungwe la Mary's Meals lidayamba m'Malaŵi mu 2002, ndipo phala silingatumizidwe pa netiweki.

Palinso maphunziro ena amene salembedwa pa ndandanda wa nthawi. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kusukulu mwana amaphunzira kudikira kuti mnzake amalize kuyankhula, kugwiritsa buku limodzi ndi anzake atatu, kusesa kalasi limene sadalidetse yekha, kugonja pa mpira popanda kuchita ndewu, ndi kupepesa akalakwa. Amakhala pa benchi imodzi ndi mwana wa mtundu wina kapena wa chipembedzo china, n'kuzindikira kuti nayenso ndi munthu. Makhalidwe amenewa munthu sawadziwa powerenga chabe. Amawatola pokhulana ndi anzake tsiku ndi tsiku. Pa intaneti wina akakunyansa umangomutseka, koma m'mudzi ndi pantchito mnzako wovuta udzamupezanso mawa, ndipo uyenera kudziwa kukhala naye.

Vuto lina ndi la kudziletsa. Lamya yomweyo imene ili ndi phunziro la masamu ilinso ndi Facebook, WhatsApp ndi TikTok, ilinso ndi juga, zithunzi zolaula ndi anthu achinyengo. Mapulogalamu ambiri otere adakonzedwa mwakuti munthu asachokepo msanga, pakuti eni ake amapeza ndalama kuchokera kwa otsatsa malonda. Ngati akuluakulu omwe amalephera kuika lamya pansi, nanga bwanji mwana wa zaka zisanu ndi zitatu? Kuyambira chakumapeto kwa 2022 padabweranso mapulogalamu monga ChatGPT, amene angathe kulemba chimangirizo chonse m'masekondi ochepa. Wophunzira amene ali yekha m'chipinda amakumana ndi yesero lalikulu lakuti angokopera yankho. Akatero amanamiza mphunzitsi kwa tsiku limodzi, koma nzeru zimene akadapeza polimbana ndi funsolo amadzimana kwa moyo wake wonse. M'mera m'poyamba: mwana wamng'ono amasowa munthu womuwongola, ndipo ufulu wophunzira payekha uyenera kukula pamodzi ndi msinkhu wake.

Ena angatsutse ponena kuti nayonso sukulu si malo angwiro, ndipo akunena zoona. Kuli ana ozunza anzawo, makalasi odzaza mopitirira muyeso, ndi atsikana amene amakumana ndi zoopsa poyenda mtunda wautali. Kwa mwana amene akuzunzika motere, kuphunzirira pakhomo kungakhale mpumulo. Koma denga likamadontha mwininyumba amalifolera. Sagwetsa nyumba n'kukagona panja. Zolakwika za sukulu zikufuna kukonzedwa, ndipo kubalalitsa ana kuti aliyense akakhale payekha kumangobisa mavuto awo kwa amene akadawathandiza.

N'zochititsa chidwi kuti kulikonse kumene maphunziro a kutali adayenda bwino, pambali pa mwana padali munthu. Ku Australia, sukulu yotchedwa School of the Air idayamba mu 1951 ku Alice Springs, kuphunzitsa pa wailesi ana a m'mafamu akutali kwambiri. Pambuyo pake idasamukira pa intaneti, komabe mwana aliyense amakhala ndi munthu wamkulu womuyang'anira pakhomo, ndipo kangapo pachaka anawo amasonkhana kuti aphunzire ndi kusewera pamodzi. M'Malaŵi namonso ophunzira a MCC ankasonkhana m'malo okhazikika momwe mudali aphunzitsi owayang'anira, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo amenewo adasanduka sukulu za sekondale zoyendera zotchedwa CDSS. Ngakhale ntchito ya BEFIT, imene Unduna wa Maphunziro udayamba mu 2023 yophunzitsa ana aang'ono kuwerenga ndi kuwerengera pa matabuleti, imachitikira kusukulu, mphunzitsi ali pomwepo.

Pomaliza, intaneti ndi chida chakuthwa, ndipo dziko limene lingaikane lidzatsalira. Boma lili ndi udindo woifikitsa ku sukulu za kumidzi kuti isakhale ya ana a olemera okha. Makolo ali ndi udindo wodziwa chimene mwana akuonera, pakuti kumugulira lamya sikuwachotsera ntchito yomulera. Wophunzira wa ku sekondale, amene wayamba kukhwima maganizo, ali ndi udindo wogwiritsa chidachi pofufuza nzeru moona mtima, podziwa kuti palibe amene akumuona koma chikumbumtima chake. Intaneti ingathe kumuphunzitsa mwana zinthu zambiri, ndipo nthawi zina mwaluso kuposa buku. Kulera kokha ndiko kumafunabe kholo, mphunzitsi ndi ana anzake, chifukwa munthu amaphunzira umunthu kwa anthu.