Kupatsa n'kuika

Sabata yatha, pa njira ya ku Kamwendo, ndinaona bambo wina akupirikitsa amayi atatu m'munda mwake, chibonga chili m'manja. Mtedza anali atakumba kale, matumba atapita kunyumba pa ngolo. Amayiwo ankangofukula wotsalira m'nthaka, umene chiswe ndi mbewa zikanagawana. Bamboyo ndimamudziwa, kutchalitchi amakhala pa benchi yakutsogolo.

Kupatsa n'kuika, anatero makolo: chimene wapatsa mnzako wachisunga m'nkhokwe yosabooka. Koma ine ndikuti mwambiwu umatinyengerera, chifukwa umatipangitsa kuganiza kuti khunkha ndi mphatso, mwini munda akafuna apereke, akapanda kufuna aleke.

Ayuda sanasiye mpata umenewo. Mabuku asanu a Mose anawagawa m'zigawo 54, ndipo amawerenga Sabata lililonse mpaka chaka chithe. Chigawo chotchedwa Kedoshim, momwe muli Levitiko 19, chimafika mu April kapena May, ife kuno tili kalikiliki kukolola. Mmenemo mwini munda akulamulidwa kusiya m'mphepete mosakolola, ndipo zogwa pansi asabwerere kukatola, n'za osauka ndi alendo. Aphunzitsi awo, m'buku la Mishnah, anachita kuika muyeso: chosiyidwacho chisachepere gawo limodzi mwa magawo 60. Ndiye kuti pa matumba 60, limodzi si lako ngakhale unalithirira thukuta. Liwu lawo la kuthandiza osauka, tzedakah, limachokera ku chilungamo. Wopirikitsa wokunkha si woumira chabe. Akulanda za eni.

Ndipo taonani kuti lamulolo latchula mlendo. Rute, amene anakunkha m'munda wa Boazi, anali wa ku Mowabu, wa tsidya lina la malire. Ife a Mchinji tingaiwale bwanji zimenezi? Pa njala ya 2002 abale athu ambiri ankawolokera ku Zambia kukagwira ganyu wolandira chimanga. Amene anawatsegulira nkhokwe kumeneko akanakhala ndi mtima wa chibonga, maliro akanachuluka kuposa omwe tinaika.

Ndivomereze, ngakhale monyinyirika, kuti alipo amene amati akukunkha pomwe mikukwe idakali chiimire, ena amabwera usiku ndi thumba. Amenewo ndi akuba, apite kwa amfumu. Mbewu yakwera mtengo, aganyu nawo safuna zochepa, ndipo mlimi ali ndi chifukwa cholondera munda wake. Komatu kulondera kumatha ngolo yomaliza ikatuluka. Amayi aja anafika dzuwa likuswa mtengo, ana kumsana, timakasu m'manja, m'munda mopanda kanthu. Mbala imayenda chotero?

Bambo aja sanapindule ngakhale ndowa imodzi. Mtedza umene anaukaniza udzamera wokha mvula yoyamba ikagwa, ndipo adzalipira aganyu kuti aupalire ngati udzu.