Mphika wa Mana ndi Buku Lomatidwa

Funso lakuti munthu amasunga chinthu chifukwa cha mphamvu imene akukhulupirira kuti ili m'kati mwake, kapena chifukwa cha anthu ndi nyengo zimene chinthucho chikuchitira umboni, ndi lakale m'zipembedzo zonse za m'chigwa cha Domasi, ngakhale kuti masiku ano likubwera litavala malaya achilendo. Malayawo ndi mabuku a nthano zojambula, amene ambiri amangowatchula kuti makatuni, momwe nkhani imayenda m'timabokosi ta zithunzi, zolankhula za anthu zitalembedwa m'kati mwa chithunzi chomwecho, ndipo mwininkhani amakhala ngwazi ya mphamvu zoposa za munthu, youluka m'mwamba ndi kunyamula galimoto ndi manja. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amatha zaka zambiri akutolera mabuku a ngwazi imodzi yokha, osati a m'Chingerezi okha, komanso osindikizidwa m'ziyankhulo zimene iwo sadziwa ngakhale liwu limodzi, pamodzi ndi zidole, mabaji ndi zikwangwani za ngwaziyo. Khalidweli likuoneka lakutali ndi minda ya mpunga ya kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, koma funso limene limadzutsa, lakuti kusunga kumathera pati ndipo kupembedza kumayambira pati, mlaliki wa pa Domasi Mission ndi shehe wa pa mzikiti wa ku Songani akhala akuliyankha kuyambira kale.

Ngwazi yoyenera kuyambira ndi Superman, chifukwa anzake ambiri ovala mikanjo youluka anatengera iye. Anyamata awiri achiyuda a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, anagulitsa umwini wa nthano yawo pamtengo wa madola 130, ndipo inatuluka koyamba m'chaka cha 1938 m'kabuku kotchedwa Action Comics, kamene kankagulidwa ndi masenti 10. Kabukuko kanali ka pepala lotchipa, longa la nyuzipepala, ndipo panalibe amene ankakaona ngati chuma: ana ankabwerekana mpaka kung'ambika, makolo ankakataya posesa m'nyumba, ndipo mapepala ambiri akale anasonkhanitsidwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse kuti apangirenso zinthu zina. Mwa makope pafupifupi 200,000 amene anasindikizidwa, otsala akuyerekezedwa kuti ndi 100 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo limodzi mwa iwo linagulidwa pa okushoni mu Epulo 2024 pamtengo wa madola 6 miliyoni. Mtengo umenewu sunachokere m'nthano, popeza nthanoyo yasindikizidwanso kambirimbiri ndipo aliyense angathe kuiwerenga motchipa. Unachokera m'kuwonongeka kwa makope anzake, kotero kuti kope lotsala linalemera chifukwa cha ana amene anawerenga awo mpaka kutha.

Chimene chimachitika pa kope lotere n'chofunika kuchiyang'ana pafupi. Kuyambira m'chaka cha 2000 kampani ya CGC ya ku Florida imalandira mabukuwa, kuwayesa makwinya, mtundu wa pepala ndi dzimbiri la timawaya tomangira, kuwapatsa malikisi oyambira 0.5 kulekeza 10, kenako n'kuwatsekera m'chikhokhombe cholimba cha pulasitiki choonekera, chimene munthu akachitsegula malikisi aja sagwiranso ntchito. Mwini buku amaona chikuto chakumaso ndi chakumbuyo basi, ndipo masamba onse a m'kati, momwe muli nkhani imene inachititsa kuti bukulo likondedwe, amakhala mumdima kufikira tsiku limene wina adzavomere kutaya ndalama kuti awaone. Buku limene silitsegulidwa lasiya ntchito imene linapangidwira, ndipo ngati likulemekezedwabe, ulemuwo wasamukira pa chinthu china chimene mwini wake ayenera kuchitchula dzina.

Munthu wa ku Domasi sangadabwe ndi malemba omatidwa, chifukwa amawadziwa. Chithumwa cha mtundu umene m'Chiswahili amati hirizi chimakhala kapepala kolembedwa mawu opatulika m'Chiarabu, kopindidwa kangapo n'kusokereredwa m'kachikopa kapena m'kansalu, ndipo mwana amachivala m'khosi kapena m'chiuno popanda iye kapena amayi ake kuwerenga zimene zalembedwamo. Amene amachikhulupirira amanena kuti kuchitsegula n'kuchisukulutsa. Kufanana kwake ndi buku lomatidwa m'pulasitiki n'kwakukulu kuposa momwe wotolera wa ku Ulaya angafunire kuvomera, pakuti zonse ziwiri ndi zolembedwa zosawerengedwa, zonse zimadalira mawu a katswiri amene anaona za m'kati ndi kuzitsimikizira, ndipo zonse zimataya mphamvu zikatsegulidwa. Pakati pa Asilamu enieniwo nkhaniyi siinagwirizanidwe, chifukwa mashehe ambiri amaphunzitsa kuti kudalira chithumwa kumafikitsa munthu ku shiriki, kutanthauza kuika chinthu china pamalo amene ali a Mulungu yekha, ndipo amati mawu opatulika anatsitsidwa kuti azilakatulidwa ndi kutsatidwa. Mpingo umene unamanga mishoni ya Domasi, wa Chipresibateriya wochokera ku Scotland, unabwera ndi nkhawa yomweyo kuchokera kwa John Calvin, amene m'chaka cha 1543 analemba kabuku kotsutsa kulemekeza mafupa ndi zovala za oyera mtima. Akatolika, potsatira msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea wa m'chaka cha 787, amasiyanitsa ulemu wopatsidwa kwa chithunzi, umene amati umadutsa n'kukafika kwa amene wajambulidwayo, ndi kupembedza kumene kuli kwa Mulungu yekha. Magulu atatuwa amasiyana pa zambiri, koma onse akuvomereza kuti vuto silili m'pepala kapena m'fupa, lili pa kumene mtima wa wosungayo waima.

Buku la Eksodo, m'mutu 16, lili ndi nkhani imene imaunikira bwino nkhaniyi kuposa ziphunzitso zonsezi, chifukwa muli kusunga kwa mitundu iwiri kwa chinthu chimodzimodzi. Aisraeli ena m'chipululu anabisa mana kuti adzadye mawa, ngakhale analetsedwa, ndipo kutacha anapeza atachita mphutsi ndi kununkha. Koma m'mutu womwewo Aroni analamulidwa kuika muyeso umodzi wa mana m'mphika kuti mibadwo yam'tsogolo idzaone chakudya chimene makolo awo anadya. Mana obisidwa m'hema anasungidwa chifukwa cha mantha a mwini wake, amene ankafuna kukhala ndi chimene mnzake alibe, pamene mana a m'mphika anasungidwa chifukwa cha ana amene anali asanabadwe, ndipo sanali chuma cha Aroni. Komabe Baibulo silibisa kuti chinthu chosungidwa bwino chingathe kusanduka fano pakapita nthawi, pakuti njoka yamkuwa imene Mose anapanga m'chipululu inasungidwa zaka mazana ambiri ngati chikumbutso, mpaka pamene anthu anayamba kuifukizira lubani, ndipo mfumu Hezekiya inaiphwanya monga momwe buku lachiwiri la Mafumu likufotokozera m'mutu 18. Mkuwawo sunasinthe, anthu ndiwo anasiya kuyang'ana chimene njokayo inkaloza n'kuyamba kuyang'ana njokayo.

Ndi muyeso umenewu, wotolera makope a m'ziyankhulo zachilendo ali ndi mlandu wocheperapo kuposa wotolera malikisi a pa pulasitiki, ngakhale kuti poyamba zimaoneka ngati iye ndiye wosokonekera kwambiri, popeza amagula mabuku amene sangawawerenge. Chimene iye amasunga ndi umboni wa ulendo. Superman atafika ku Beirut m'chaka cha 1964 analankhula Chiarabu, ndipo mtolankhani wovala magalasi amene ku America amatchedwa Clark Kent anapatsidwa dzina lakuti Nabil Fawzi. Ku Italy, kuyambira m'chaka cha 1954, anatuluka ndi dzina lakuti Nembo Kid, chilembo cha S chitafufutidwa pachifuwa pake, ku Sweden anatchedwa Stålmannen, ndipo ku Mexico mnzake Batman, amene dzina lake la masana ndi Bruce Wayne, anasanduka Bruno Díaz. Kope lililonse mwa amenewa likuonetsa kuti panali womasulira amene anakhala pansi n'kuganiza za ana a kwawo, zimene angamve ndi zimene zingawakhumudwitse, ndipo wotolera amene amawaika pamodzi amakhala akusunga ntchito ya anthu amenewa, ambiri mwa iwo osadziwika maina.

Domasi ikuidziwa ntchito imeneyi kuchokera pa chiyambi chake ngati malo a maphunziro. Alexander Hetherwick, amene anatsegula mishoni ya Domasi m'chaka cha 1884 m'dziko la mfumu Malemia, anaphunzira Chiyao kwa eni ake, nasindikiza buku la malamulo a chiyankhulocho m'chaka cha 1889, komanso anamasulira mbali za Chipangano Chatsopano, ndipo pambuyo pake anali m'gulu la amene anayendetsa ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922. Omasulirawo sanabweretse dzina latsopano la Mlengi; anapeza anthu akunena kale za Mulungu pansi pa mtengo wa nsembe, natenga dzinalo. Munthu amene lero angapeze kope lakale la Uthenga Wabwino m'Chiyao m'sutikesi ya agogo ake, masamba atadyedwa ndi chiswe m'mbali, angachite bwino kulisunga ngakhale ali ndi Baibulo latsopano, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene angamunene kuti akupembedza fano, chifukwa aliyense akuona kuti akusunga mapazi a njira imene mawuwo anayenda. Kuyerekeza kumeneku sikukweza nthano yojambula kuti ifanane ndi malemba opatulika, ndipo kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kwakukulu. Kufanana kuli pa chifukwa chosungira chokha.

Ngwazi zojambulazi zinafika kale m'chigwachi, koma zinadzera m'mabelo a kaunjika. Tsiku la msika pa Songani, pa mulu wa zovala za ana, sipalephera kupezeka malaya abuluu okhala ndi chilembo chofiira cha S kapena chikwama cha sukulu cha Spider-Man, ndipo mayi amene akuwasankha amakoka msoko kuti aone kulimba kwake asanayambe kunenerera mtengo, osalabadira kuti chithunzicho n'cha ndani. Mwana amawavala mpaka chilembocho kusuluka, amasiyira mng'ono wake, ndipo akang'ambika amasanduka chigamba kapena chokolopera. Mafilimu a ngwazi zomwezi amaonetsedwa m'nyumba za vidiyo atamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata amene amalankhula m'malo mwa anthu onse a mufilimu, kuwapatsa maina a kuno ndi nthabwala za kuno, ndipo ntchito yawo ndi yofanana ndi ya womasulira wa ku Beirut uja, ngakhale kuti palibe amene amaisunga. Mwambi wakuti kupatsa n'kuika ukufotokoza bwino nzeru imene ili pansi pa khalidweli, yakuti malo odalirika osungiramo chinthu ndi m'manja mwa mnzako, ndipo nkhokwe, mosiyana ndi chikhokhombe cha pulasitiki chija, imamangidwa kuti idzatsegulidwe.

Nzeru imeneyi ndi yabwino pa chimanga ndi pa zovala, koma pa pepala ili ndi mtengo wake, ndipo chilungamo chikufuna kuti wotolera amvedwe pamenepa. Nyuzipepala yakale m'midzi ya ku Domasi imakutira makope a sukulu, imakulunga mandasi ndi usipa, imapichira fodya, ndipo yotsala imatha ndi chinyezi chochokera m'phiri la Malosa m'miyezi ya dzinja. M'masamba amenewo ndi momwe munkakhala anthu ojambulidwa ndi Amalawi eni, monga Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja, amene sankauluka kapena kunyamula galimoto koma ankaonetsa moyo wa m'tauni ndi m'mudzi mwa njira imene owerenga ankadziona okha. Popanda munthu wouma mtima pang'ono, wokana kuti tsamba lake likulungire mandasi, zinthu zotere zimatheratu, ndipo mbadwo wotsatira umangomva maina.

Pali zinthu zina zimene zimasungidwa popanda chikondi chilichonse, ndipo zimenezi zikuonetsa poyera kuti kusunga si kupembedza. M'zaka za 1975 mpaka 1977 ku South Africa kunkatuluka kabuku ka ngwazi yachikuda yotchedwa Mighty Man, yolimbana ndi zigawenga m'malokeshoni koma yosatchula konse za tsankho, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndalama zake zinkachokera mwachinsinsi ku boma la tsankholo. Amene amasunga makope ake lero amasunga umboni wa chinyengo. Kuno kwathu, kumene liwu lakuti ngwazi linali dzina la ulemu la Dr Hastings Kamuzu Banda, mabanja ambiri akadali ndi khadi la chipani, baji ya pachifuwa kapena chitenje cha mbumba pansi pa bokosi, ena chifukwa cha ulemu, ena chifukwa chofuna kudzaonetsa adzukulu kapepala kamene munthu asanakaonetse sankalowa mumsika kapena kukwera basi, kufikira nyengo ya riferendamu ya 1993. Khadi ndi limodzi, koma m'nyumba ina ndi njoka yamkuwa, m'nyumba ina ndi mphika wa mana.

Nyumba yosungira zakale za dziko, National Archives of Malawi, imene ili mumzinda wa Zomba chakumwera kwa Domasi, imatsata njira ya mphika, chifukwa lamulo limafuna kuti osindikiza mabuku ndi nyuzipepala m'dziko muno azipereka kope kumeneko, ndipo zosungidwazo zimatetezedwa ku chiswe ndi chinyezi koma zimatulutsidwa kwa wofufuza amene wapempha, n'kuikidwa patebulo kuti azitsegule. Wophunzira za uphunzitsi wa pa Domasi College of Education, kapena wolemba mabuku a sukulu wa ku Malawi Institute of Education, amene akufuna kuona momwe Amalawi ankadzijambulira okha m'nyuzipepala zakale, ayenera kukwera minibasi ya ku Zomba n'kukapempha mitolo ya Malawi News ya zaka zimenezo, chifukwa masamba amene anafika m'midzi ya kwa Malemia anatha kale.